Nkhuku ya alendo muziphikiratu dzulo lake

Anzanga, mukaitana alendo kudzadya chamadzulo chonde musamadikire tsiku lomwelo kuti muyambe kulimbana ndi nkhuku, mapeto ake alendo amafika inu muli thukuta kamukamu kukhitchini osacheza nawo nkomwe.

Ine ndimaphikiratu dzulo lake. Muzisankha ntchafu osati chidali, chidali chimauma gwa mukachitenthetsanso pomwe ntchafu imakhalabe yofewa. Kazingani kaye mpaka khungu lifiire, kenako anyezi, adyo, tomato, muvundikire zibwate pamoto wochepa mphindi 40. Yogona mufiriji imakoma kuposa yatsiku lomwelo ndithu, zokometsera zimakhala zalowerera mpaka kufupa.

Koma apa samalani, ikapsa isakhale panja kupitirira maola awiri, igaweni m'mabakuli osaya kuti izizire msanga nkuika mufiriji. Mawa lake tenthetsani kamodzi kokha mpaka msuzi ubwate, ngati muli ndi choyezera mkati mwa nyamayo mufike madigiri 74.

Yowotcha mu uvuni yokha ndiyo sindiphikiratu, ndimangoipaka yogati, adyo ndi mchere nkuigoneka mufiriji, ndimawotcha alendo atatsala pang'ono kufika chifukwa khungu lake limakoma likadali lotentha.