Denga likadontha, katundu wa tenanti alipira ndani?

Mvula ya kuno ku Mzuzu sileka msanga. Anzathu kummwera akukolola, ife mu Epulo tikutcherabe mabeseni pabalaza. Ndiye nthawi imene matenanti a ku Chibavi, Mchengautuba ndi Zolozolo amakangana ndi eni nyumba: matiresi anyowa, TV yalowa madzi, alipire ndani?

Ambiri amaganiza kuti poti nyumba ndi ya alandilodi, chilichonse chowonongeka m'katimo ndi mlandu wawo. Si choncho ayi. Ngakhale eni nyumba atakhala ndi inshuwaransi, imateteza makoma, denga ndi zitseko. Sofa yanu mulibemo.

Mlandu umawagwera ngati vuto munawauza iwo n'kulinyalanyaza. Apa mpamene ambiri timagwa nayo, chifukwa timangonena pakamwa tikakumana pa mpopi: "Bambo, lata lija likudonthatu." Tsiku la mlandu adzati sanamvepo. Jambulani malo odonthawo, tumizani pa WhatsApp, uthengawo musafufute. Polowa nyumba, lembani pa pepala la mgwirizano kuti kukonza denga, mawaya ndi mapaipi ndi udindo wa yani, aliyense asunge lake.

Koma nanunso dziyang'aneni. Madzi asiya masana, mwaiwala kutseka mpopi, abwera usiku muli mtulo n'kusefukira mpaka kwa aneba. Pamenepo wolipira ndinu. N'chimodzimodzi mbaula yosiyidwa m'nyumba mu Juni pothawa kuzizira.

Inshuwaransi ya katundu wa m'nyumba, imene makampani amaitcha householders, ndi ya inu a lendi. Makampani monga NICO General ndi Britam amagulitsa inshuwaransi za mtundu wa katundu, ndipo onse amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Mumalipira pachaka molingana ndi mtengo wa katundu wanu. Musachepetse mtengowo pofuna kulipira zochepa: mukalembetsa theka, chipukuta misozi chimabweranso choperewera.

Musanasaine, funsani mosachita manyazi. Kodi madzi osefukira alimo? Nanga firiji ikapsa magetsi atabwera mwamphamvu? Pa zakuba, nthawi zambiri amafuna umboni woti chitseko kapena zenera zinathyoledwa, komanso lipoti la apolisi. Ngati munasiya pakhomo potsegula, musayembekezere zambiri. Funsaninso za excess, gawo limene mumadzilipirira nokha pa ngozi iliyonse, ndiponso ngati inshuwaransiyo imalipira katundu wa aneba amene mwawononga mwangozi. Auzeni zoona za nyumbayo, kaya ndi ya zidina kaya ya njerwa zootcha, chifukwa bodza la pa fomu limadzawapatsa chifukwa chokanira.

Malisiti sungani, koma osati m'kabati momwemo mmene mungalowe madzi. Ajambuleni pafoni pamodzi ndi nambala ya kumbuyo kwa TV ndi laputopu, mutumizeko kwa m'bale wanu. Zikaonongeka, musathamangire kutaya kudzala. Dziwitsani kampani msanga, katunduyo akhale pomwepo mpaka adzamuone.