Mmene mungakonzere malamulo a galimoto yonyamula anthu olumala kuti asatsekere kunja eni ake

Amayi anga akhala pa wilicheya zaka zingapo tsopano chidwalire sitiroko, ndiye nkhani ya mayendedwe ine sindichita kuimvera pa wailesi ayi, ndimainyamula ndi msana wangawu. Kuno ku Chipata mukudziwa nokha, ukafuna kupita ku tauni kapena ku Kapata umangoimitsa wa njinga wakhala pa kaliyala basi wafika, koma munthu amene mbali imodzi siigwira sangakhale pa kaliyala, ndipo tsiku lina kondakitala wina wa minibasi anatiuza pamaso pa anthu kuti mpandowo nawonso ulipire ngati munthu. Amayi anangowerama nkumakonzakonza chitenje pamaondo osayankha kanthu, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Manje ndaona kuti mipingo ina, timagulu ta m'makomboni ngakhale ena a mataxi ayamba kupatula galimoto yoti izitenga anthu olumala pakhomo kukawatula kuchipatala, kumsika, kutchalitchi, ndipo ichi nchabwino zedi, inenso ndili mu komiti ya kagulu kamodzi kotere. Koma vuto ndinalipeza pa pepala. Timalemba malamulo pofuna kusamala galimoto ndi mafuta, kenako mosazindikira malamulo omwewo ndi amene amatsekera kunja munthu yemwe tinagulira galimotoyo. Ndiye ndati ndikuuzeni mmene ife tinakonzera athu, kapena zingathandize anzathu ku Katete, ku Petauke kaya ku Lundazi.

Muyezo tinabwereka ku America. Kumeneko kuli lamulo la dziko lonse lotchedwa Americans with Disabilities Act, ambiri amangoti ADA, lomwe Pulezidenti George H. W. Bush anasaina pa 26 July 1990. Limati boma la mzinda likamayendetsa mabasi a njira zokhazikika liyeneranso kukhala ndi magalimoto ena otenga anthu amene sangathe kukwera mabasi aja chifukwa cha ulumali, ndiwo amawatcha paratransit. Tsatanetsatane wake ali mu malamulo a unduna wawo wa zamtengatenga, 49 CFR Part 37, ndipo bungwe la Federal Transit Administration ndilo limalondola, mu 2015 linatulutsanso chikalata chachikulu chomasulira zonsezi, Circular 4710.1. Ndinene msanga kuti lamuloli siligwira ntchito ku Zambia kuno. Ife tili ndi lathu, Persons with Disabilities Act la 2012, lomwe limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, tili ndi ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olumala, ndipo dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la maufulu a anthu olumala mu 2010. Chomwe chinatikoka ku la America nchakuti lili ndi manambala, limakuuza kuti chilungamo chimenecho ndi masiku angati, maola angati, ndalama zingati, moti sungazembe.

Poyambira penipeni mpoti musonkhanitse malamulo anu onse pa tebulo, olembedwa ndi osalembedwa omwe. Osalembedwawo ndi amene amapweteka kwambiri ndipo ali m'mutu mwa dalaivala, ndiye mukhazikeni pansi bwinobwino, osamukalipira, mumufunse kuti kodi munthu akachedwa mumatani, akabwera ndi mwana mumatani, mvula ikagwa mumafika mpaka pati. Pa tebulo pomwepo pakhale okwera enieni, wosaona, wosamva, wa wilicheya, mayi wa mwana wolumala. Kenako mzere uliwonse muufunse funso limodzi ili, kodi munthu amene alibe ulumali akamakwera basi amamuchita zimenezi?

Funso limeneli linagwetsa lamulo lathu loyamba pompo. Tinalemba kuti galimoto nja opita kuchipatala, ena adikire. Zimamveka zanzeru, koma kodi kondakitala anakufunsanipo kuti mukukatani ku tauni musanakwere? Ku America nkoletsedwa kufunsa cholinga cha ulendo kuti usankhe wotenga kapena woyamba naye. Munthu wolumala sikuti moyo wake ndi chipatala chokha, nayenso amafuna kukapepesa maliro, kukagula nsomba ku Saturday Market, kukacheza kwa mlamu wake, kukaonerera Nc'wala ku Mtenguleni mu February. Tinafuta mzerewo.

Chachiwiri ndi nkhani yoti ndani ayenera kukwera. Apa ambiri timalakwitsa chifukwa timayang'ana dzina la matenda kapena maonekedwe, pamene funso loyenera ndi loti kodi munthuyu angathe payekha kufika pa siteji, kukwera, nkutsika pamalo oyenera? Wina amayenda bwinobwino koma mutu sugwira njira amasokera, wina ali pa wilicheya koma njira ikakhala yabwino amadziyendetsa yekha. Aku America amalola munthu kuvomerezedwa pa maulendo ena okha malinga ndi nyengo kapena njira, iwo amaganiza za chipale chofewa, ife tiganize za matope a January. Pali abambo ena kwathu nthawi ya chilimwe amafika okha pa msewu ndi ndodo zawo, koma mvula ikangoyamba kanjira kawo kamasanduka mtsinje, ndiye tinawalemba kuti dzinja lonse tizikawatenga pakhomo. Fomu ikhale yaifupi ndipo isalipiritsidwe. Lamulo lawo limati munthu akapereka fomu yodzaza bwino ayankhidwe pasanathe masiku 21, mukachedwa ayambe kukwera kufikira mutayankha. Mukamukana mulembereni kalata yonena chifukwa chenicheni, osangoti simukuyenera basi, ndipo akhale ndi masiku 60 oti achite apilo kwa munthu wina osati yemwe anamukana uja, apiloyo ikamvedwa nkudutsa masiku 30 osagamula, akwere kaye. Mlendo wochokera mzinda wina amene ali ndi umboni amaloledwa masiku 21 pachaka. Ife tinati wobwera ndi khadi la ZAPD kuchokera kwina tisamuvutitse.

Za malire ndi nthawi ndingodutsa mwachangu. Ku America paratransit imafika mpaka magawo atatu mwa anayi a mailo kuchokera pa njira ya basi mbali zonse, pafupifupi makilomita 1.2, ndipo imayenda masiku ndi maola omwewo amene basi imayenda. Munthu akaimba lero atengedwe mawa, mungakambirane naye kusuntha nthawi koma osapitirira ola limodzi kutsogolo kapena kumbuyo kwa nthawi imene wapempha. Mtengo usapose kawiri mtengo wa basi pa ulendo womwewo, womuthandiza amene sangayende popanda iye salipira kanthu, ndipo mnzake mmodzi wongomuperekeza amaloledwa nkulipira mtengo womwewo. Wilicheya salipira, ndi miyendo ya munthu imeneyo. Ife ndi kagalimoto kamodzi sitingakwanitse kuyenda usiku, izi nzoona, koma tinalemba poyera malo amene timafika ndi maola athu kuti aliyense adziwe, osati dalaivala azisankha malinga ndi mmene wadzukira.

Pomwe ndikufuna kukhalitsa ndi pakhomo. Pepala lathu lakale linkati dalaivala aime pa msewu, alize hutala kawiri, adikire pang'ono, azipita. Tsiku lina galimoto inabwerera chopanda munthu, dalaivala nkumati agogo aja sanatuluke, pamene agogowo osaona anali atakhala pakhonde chiyambire m'mawa atavala jekete yawo ya ku tchalitchi, chipewa pamaondo, akumva mahutala ambirimbiri a pa msewu osadziwa kuti yawo ndi iti. Lamulo la ku America limati ulendo ukhale wochokera pomwe munthu ali kukafika pomwe akupita. Mutha kunena kuti nthawi zambiri timatengera m'mbali mwa msewu, koma amene sangafike pa msewupo muyenera kumuthandiza kuchoka pachitseko. Kwathu kuno pakati pa chitseko ndi msewu pamakhala ngalande, kamlatho ka matabwa awiri, mchenga womwe timatayala tating'ono takutsogolo ta wilicheya timangotitimira. Ndiye lembani momveka kuti dalaivala atsike, agogode, atchule dzina lake ndi la galimoto, kwa wosamva atumize meseji kapena aonekere pamaso, ndipo pa fomu pakhale malo olemba mmene pakhomo palili kuti asakadabwe atafika.

Pafupi ndi zimenezi pali chilango cha osapezeka. Sinditsutsa kuti mafuta ndi odula ndipo munthu akabukitsa nkusowa zimapweteka, ngakhale ku America amalola kuimitsa munthu kwa kanthawi. Koma amati pakhale chizolowezi chenicheni, ndipo zomwe sizinali m'manja mwake zisawerengedwe, monga wadwala mwadzidzidzi, womuthandiza sanabwere, kapena galimoto yanu ndiyo inachedwa kapena kupita nyumba yolakwika. Ife tinali ndi lamulo loti katatu basi wachotsedwa, osaganiza kuti wina amakwera kawiri pa mwezi wina pafupifupi tsiku lililonse, katatu ka awiriwa sikafanana ayi, muziyang'ana kuti mwa maulendo ake onse waphonya angati. Musanamuimitse muuzeni molemba masiku amene mukunena, mumumve kaye mbali yake, ndipo apilo ikadali mkati azikwerabe. China chimene ambiri sadziwa, munthu akaphonya ulendo wopita musangofafaniza wobwerera, mwina anapeza taxi nkupita ndithu ndipo madzulo akudikira inu pa geti ya chipatala dzuwa likulowa.

Ndiye pali kukana kobisika, kumene pa pepala simunakane aliyense koma foni siyankhidwa, galimoto imafika maola awiri mochedwa, kapena munthu mumazungulira naye tauni yonse kutula ena mpaka msana kuuma. Aku America zonsezi amaziwerenga ngati kuphwanya lamulo zikakhala chizolowezi, pamodzi ndi mndandanda wa odikira ndi kuika malire a maulendo pa mwezi. Gulani kabuku ka hadi kava kazikhala mu galimoto, dalaivala azilemba nthawi imene analonjeza, imene anafika, imene anatula. Pakutha pa mwezi komiti iwerenge, mudzadabwa, ifeyo tinapeza kuti Lolemba m'mawa ndi pomwe tinkalakwira anthu kwambiri chifukwa tinkavomera onse nthawi imodzi.

Mkati mwa galimoto, musakakamize munthu kuchoka pa wilicheya yake kukhala pa mpando wa galimoto, mungamupemphe koma chisankho nchake. Malamba omangira wilicheya akhalepo ndipo dalaivala adziwe pomanga, pa chitsulo cholimba cha thupi la mpando osati pa tayala kapena popondera mapazi. Ngati muli ndi thabwa lokwerera liyeseni m'mawa uliwonse musananyamuke. Galu wotsogolera wosaona amaloledwa ku America, botolo la okosijeni chimodzimodzi. Kuyambira 2015 anawonjezeranso kuti munthu akapempha kusinthako pang'ono lamulo chifukwa cha ulumali wake mumuvomere, pokhapokha ngati zingaike ena pangozi kapena kusinthiratu ntchito yonse. Wa shuga apempha kudya kanthu m'galimoto pomwe munalemba kuti osadyeramo, msiyeni adye. Wina apempha kutulidwa pa geti ya kuseri chifukwa yakutsogolo kuli masitepe, mutuleni kumeneko, ndipo dalaivala apatsidwe mphamvu yovomera zotere pompo osachita kuimbira tcheyamani.

Sankhani munthu mmodzi wolandira madandaulo, nambala yake imatidwe m'galimoto ndi zilembo zikuluzikulu, asakhale dalaivala yemweyo kapena m'bale wake. Ku America dandaulo lililonse limasungidwa chaka chimodzi ndipo chidule chake zaka 5, nafenso tinatengera. Malamulo atsopanowo musangowapachika pa khoma, awerengeni mokweza m'Chinyanja pa msonkhano, jambulani mawu mutumize pa WhatsApp kwa osaona, ndipo za braille, zilembo zomwe osaona amawerenga ndi zala, ndi chinenero chamanja kuno tili ndi mwayi, ku Magwero kuli masukulu a osaona ndi osamva komwe kuli anthu odziwa zimenezi, pitani mukafunse nzeru.

Dalaivala wathu tinamuphunzitsa Loweruka lina pabwalo la tchalitchi, ndipo aphunzitsi ake anali okwera eni ake. Tinamukhazika pa wilicheya ya amayi nkumukankha kudutsa pa kamlatho ka matabwa kaja, anagwira zogwirira mpaka zala kuuma. Amayi ndi amene anamuonetsa kuti potsika pamalo otsetsereka uzitembenuza mpando uzitsika chambuyo, ndi kuti dzanja lawo lamanzere lisakokedwe chifukwa phewa limaguluka msanga. Masiku ano akafika pakhomo amagogoda, amavula kapusi, nkugwada pang'ono kuti maso afanane ndi awo, amati "Mwauka bwanji amama, ndikugwireni mbali iti lero?" ndipo amadikira mpaka ayankhe asanakhudze mpando.