Mapiritsi ogonetsa otsatsidwa pa foni

Makolo ndi achinyamata kuno ku Mchinji, mapiritsi "othetsa nkhawa" amene amatsatsidwa pa WhatsApp ndi TikTok musawakhulupirire. Ena amalembedwa Xanax, dzina la mankhwala a kuchipatala othetsa nkhawa, koma mkati muli mankhwala ena ogonetsa otchedwa bromazolam kapena etizolam, ndipo mphamvu yake imasiyana piritsi ndi piritsi. Akakumana m'thupi ndi kachasu, mankhwala othetsa ululu a tramadol kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, kupuma kumachepa ndipo kungathe kuimiratu.

Mukapeza munthu sakudzuka ngakhale mumutsine, akuliza mkonono wachilendo, milomo yasintha mtundu, musati "wangoledzera, msiyeni agone". Mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe. Musamumwetse mkaka kapena madzi. Thamangirani naye kuchipatala, paketi ya mapiritsiwo muitenge.

Amene wakhala akumwa mapiritsiwa kwa masabata angapo asasiye mwadzidzidzi, angayambe kukomoka ngati wakhunyu. Adokotala ndiwo amamuchepetsera mlingo pang'onopang'ono.