Wodwala sitiroko akabwera kunyumba, musamuchitire zonse

M'midzi yambiri kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Linga mpaka ku Dwangwa, ndimapeza zofanana: bambo atuluka m'chipatala mbali imodzi itafa, achibale awagoneka pamphasa kuchipinda n'kumawachitira chilichonse. Chifundo choterechi chimalumalitsa. Sitiroko imabwera mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, ndipo ubongo umaphunziranso ntchito pobwerezabwereza. Mphamvu zimabwerera msanga m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira. Musaithere miyeziyi kwa asing'anga, mphini sizitsegula mtsempha.

Ngati sangathe kudzitembenuza, atembenuzeni maola 2 alionse. Ndi kutentha kwa kunyanja kuno, thukuta ndi mkodzo sizichedwa kuyambitsa zilonda m'matako ndi kuzidendene. Powadzutsa musakoke dzanja lofookalo. Minofu ya paphewa yalefuka, fupa limaguluka, ndipo ululu wake umawagwetsa ulesi pa mafizo. Agwireni m'chiuno, ndipo akakhala pansi dzanjalo litsamire papilo.

Pakudya akhale tsonga. Yambani ndi phala lolimbirako, pang'onopang'ono, poti madzi ndiwo amatsamwitsa kwambiri. Akamatsokomola pomeza bwererani kuchipatala, chifukwa chakudya cholowa m'mapapo chimadzetsa chibayo. Kondowole ayambe wadikira, ngakhale amulire chotani.

A mafizo akavomereza kuti ayambe kuimirira, zikani mitengo pabwalo posalala n'kumangirira nsungwi ziwiri zofika m'chiuno, munthu azidutsa pakati atagwira uku ndi uku. M'mawa ndi madzulo dzuwa litapepa, aziyendamo, wina ali pambali kumbali yofookayo. Dzanja nalo lipatseni ntchito: kutongola chimanga, kusankha timiyala mumpunga palichero, kumanga mabatani a malaya. Adzachedwa, mpunga wina udzatayika, nkhuku zidzakondwa. Musawalande lichero.

Mawu akamavuta, funsani funso limodzi n'kudikira yankho. Sanapenge ayi, ndipo si mwana.

Mankhwala a BP amwe tsiku lililonse ngakhale akupeza bwino, a shuga chimodzimodzi. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mundiwo womwe. Fodya ndi kachasu asiyiretu. Mukaona pakamwa papotoka, dzanja lalefukanso kapena mawu akulobodoka mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto nthawi yomweyo, thamangirani ku chipatala cha boma cha Nkhotakota.