Kathiridwe ka feteleza mu thanki ya nsomba kuno ku Joni

Achimwene, mwafunsa mmene mungadyetsere zomera za mu thanki popanda kupha nsomba.

Choyamba, urea kapena feteleza wina aliyense wa kumunda musamuyandikitse n'komwe. Ambiri amatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni kwa nsomba, ndipo mudzaona nsomba zili pakamwa yasaa pamwamba pa madzi, kupuma mobanika. Zimamvetsa chisoni. Gulani wamadzimadzi wopangidwira aquarium (thanki ya nsomba).

Musanathire, yezani madzi. Ammonia, nitrite ndi nitrate ndi zinthu zochokera ku zonyansa za nsomba: ammonia ndi nitrite zikhale 0, nitrate asapitirire 20 ppm (mamiligalamu 20 pa lita). Zikakwera, feteleza adikire kaye.

Kenako chotsani kota ya madzi akale kuti mubwezeremo atsopano. Apa ndiye samalani kwambiri, chifukwa madzi a pampopi ochokera ku kampani ya madzi ya Rand Water m'madera ambiri a Johannesburg amakhala ndi chloramine, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, ndipo chloramineyu sachoka ngakhale muwagoneke mu ndowa usiku wonse. M'madzi atsopanowo thiranimo mankhwala ochotsa chlorine ndi chloramine. Mu Juni ndi Julaye madziwa amazizira ngati ayezi, ndiye afunditseni pang'ono afanane ndi a mu thanki.

Mukatero thirani theka la muyezo wolembedwa pabotolo la feteleza, kamodzi pa sabata. Ndere zobiriwira zikayamba kumata galasi, chepetsani feteleza, ndipo getsi lisayake kupitirira maola 8 patsiku.