Agogo akapezeka ndi khansa ya m'mapapo, opaleshoni ndi yotheka?

M'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, agogo akayamba kutsokomola kosalekeza, kuwonda ndi kulavula makhololo a magazi, aliyense amaganizira TB. Koma makhololo akayezedwa osapezeka ndi TB, kapena mankhwala akamwedwa miyezi ingapo popanda kusintha, bwererani nawo kuchipatala mukapemphe kuti awajambule pachifuwa, makamaka ngati anasuta chingambwe zaka zambiri kapena anapuma fumbi la m'migodi ya ku Moatize.

Ikapezeka khansa, achibale ambiri amafulumira kunena kuti, "Agogo akula, asavutike ndi mpeni." Mawu amenewa amachokera m'chifundo, koma ine ndikuti chiwerengero cha zaka pachokha chisatseke khomo. Madokotala amayang'ana kaye ngati chotupa chidakali malo amodzi, chifukwa khansa ikafalikira ku chiwindi, ku mafupa kapena ku ubongo, opaleshoni sichiritsa. Kenako amayeza mtima ndi mphamvu ya kupuma. Agogo a zaka 80 omwe amapitabe kudimba ndi khasu paphewa, n'kukwera chitunda osaima, akhoza kupirira opaleshoni kuposa munthu wa zaka 65 amene amabanika akangoyenda kuchokera pakhonde kufika pankhokwe.

Madokotala sachotsa mapapo onse. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, lakumanzere ziwiri, ndipo kawirikawiri amachotsa chigawo chimodzi, kapena kachidutswa kochepa ngati wodwala ndi wofookerapo. Chithandizo chotere chimafuna kalata yotumizira kuchokera ku chipatala chachikulu cha ku Tete kupita ku zipatala zapamwamba, ndipo ku Maputo kulinso makina owotcha khansa, omwe amathandiza amene thupi lawo silingalole opaleshoni. Ulendowo ndi wautali komanso wodula, choncho banja likhale pansi, agogowo ali pomwepo, afotokozeredwe zonse m'chilankhulo chawo, mawu omaliza akhale awo.

Akavomera, fodya aleke kudakali milungu inayi kapena kuposerapo kuti opaleshoni ichitike, adye nyemba, mazira ndi nsomba, ndipo asakhale m'khitchini mofuka utsi wa nkhuni. Pambuyo pa opaleshoni, choopsa kwambiri kwa okalamba ndi chibayo. Wowadikirira aziwadzutsa kuti ayende pang'onopang'ono monga anamwino anenera, azipuma mokoka mpweya wambiri, ndipo potsokomola azikumbatira pilo pabala kuti ululu uchepe. Akayamba kutentha thupi, kubanika kapena kusokonezeka mutu mpaka kusazindikira adzukulu awo, itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.