Momwe Mungakonzere Ulendo Wokaona Miyambo ya Kumidzi ya ku Cotswolds Kumapeto kwa Meyi

Alendo ambiri opita ku England amathera tchuthi chonse ku London kapena m'mizinda yomwe abale awo amakhala, ndipo amabwerera osaona kumidzi, komwe anthu akusungabe miyambo ina yodabwitsa ndithu. Ngati muli ndi masiku asanu okha, konzani ulendo wanu kuti ugwere sabata yomwe imayamba ndi Lolemba lomaliza la Meyi, chifukwa sabata imeneyo m'dera la mapiri a Cotswolds mumachitika miyambo iwiri yakale, wina Lolemba, wina Lachisanu.

Choyamba, pezerani malo ogona kukadali miyezi ingapo. Lolemba limeneli ndi tsiku latchuthi m'dziko lonse ndipo ana asukulu ambiri amakhala atatsekera, choncho nyumba za alendo m'midzi ing'onoing'ono zimadzaza msanga. Yambirani mumzinda wa Gloucester, komwe mungafike pa sitima yochokera ku London Paddington, ndipo masiku omaliza mukagone m'tauni yaing'ono ya Chipping Campden kapena pafupi nayo.

Lolemba m'mawa nyamukani molawirira kupita ku Cooper's Hill, phiri lomwe lili pafupi ndi mudzi wa Brockworth. Misewu yoyandikira phirili imatsekedwa, choncho mbali yomaliza ya ulendowu mudzayenda pansi. Cha m'ma 12 koloko masana, munthu amagubuduza tchizi yozungulira ya Double Gloucester, yolemera makilogalamu atatu kapena anayi, kuchokera pamwamba pa chitsetse cha mamita pafupifupi 180, ndipo anthu amaithamangitsa. Kunena kuti amathamanga n'kungowalemekeza: chitsetsecho n'choimirira kotero kuti ambiri amagwa pa masitepe oyamba omwe, n'kumagubuduzika mpaka pansi, miyendo m'mwamba. Woyamba kufika pansi ndiye amatenga tchiziyo. Anthu amathyoka mafupa pamwambowu, ndipo kuyambira 2010 umayendetsedwa ndi anthu a m'deralo okha, popanda bungwe lovomerezeka. Malangizo anga ndi akuti mukakhale woonerera, ndipo muime m'mbali mwa phiri, osati kumunsi komwe tchizi ndi anthu zimatulukira.

Masiku apakati muwagwiritse ntchito poyenda m'njira za m'minda. Njira ya Cotswold Way, yomwe ndi yaitali makilomita 164 kuchokera ku Chipping Campden kukafika ku Bath, imadutsa pa mapiri onse awiri a miyamboyi, Cooper's Hill ndi Dover's Hill, ndipo mukhoza kusankha kachigawo kamodzi patsiku. Apa mpamene mlendo ayenera kumvetsa bwino. Pafupifupi munda uliwonse womwe mukuuona uli ndi mwini wake, koma lamulo limalola aliyense kudutsamo malinga ngati akutsata njira yovomerezeka. Muvi wachikasu pa mtengo kapena pa geti ukutanthauza njira ya oyenda pansi okha, wabuluu ukulolanso akavalo ndi njinga, pomwe chizindikiro cha kambewu ka mtengo wa oak chimasonyeza njira zikuluzikulu ngati Cotswold Way. Gulani mapu a Ordnance Survey Explorer, omwe amaonetsa njira zimenezi ndi timizere tobiriwira, chifukwa netiweki ya foni imasowa m'zigwa zina.

Geti mulisiye momwe mwalipezera. Ngati linali lotseka, tsekani. Ngati linali lotsegula, musatseke, popeza mwina mlimi walisiya dala kuti nkhosa zikafike kumadzi. Mu Meyi ng'ombe zambiri zimakhala ndi ana, ndipo ng'ombe yoyamwitsa siiseweretsa, choncho musadutse pakati pa ng'ombe ndi mwana wake, lambalalani mwakachetechete osathamanga. Valani thalauzi lalitali ndi nsapato zolimba. M'mbali mwa njira mumamera chitsamba cha masamba aubweya chotchedwa nettle, chomwe chimayabwa ngati chitedze, ndipo m'maudzu muli nkhupakupa zomwe zimafalitsa matenda a Lyme, kotero madzulo dzifufuzeni m'miyendo. Chovala cha mvula chisachoke m'chikwama ngakhale kutacha bwino.

Za chakudya n'zosavuta. M'mabala a m'midzi amaphikanso chakudya, koma nthawi zambiri mumayenera kupita nokha pa kauntala kukaitanitsa ndi kulipira, ndipo ena amatseka khitchini masana akapita. Musanyamuke musanaone nthawi ya basi yomaliza, popeza mabasi a kumidzi ndi ochepa, ndipo Lamlungu m'madera ena sayenda n'komwe.

Lachisanu madzulo kwerani Dover's Hill, phiri lomwe lili kunja kwa Chipping Campden, komwe kumachitikira masewera a Cotswold Olimpick Games. Masewerawa anayambitsidwa ndi loya wina, Robert Dover, cha m'ma 1612. Kumakhala kukokana chingwe ndi mipikisano ina, koma chomwe chimakoka khamu ndi mpikisano womenyana mateche m'misongolo. Amuna awiri ovala makhoti oyera amagwirana m'mapewa, atapakira udzu wouma m'mathalauzi kuti uchepetse ululu, ndipo aliyense amayesetsa kumenya mnzake mumsongolo mpaka amugwetse. Nthawi imeneyi dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo kukada amayatsa chimoto chachikulu, kenaka anthu amatsika phiri atanyamula miyuni mpaka pabwalo la m'tauni, komwe kumakhala nyimbo ndi kuvina.

Ngati mungathe, gonaninso tsiku limodzi kuti Loweruka muone mwambo wa Scuttlebrook Wake, pomwe amaveka ufumu mtsikana wa m'tauniyo ndipo ovina gule wa Morris amatuluka atamanga mabelu m'miyendo. Pobwerera, kwerani basi yopita ku Moreton-in-Marsh, komwe sitima imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka kukafika ku Paddington.